Apongozi abisa madzi, ati ubongo ungatupenso

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde pathu. Amuna anga amalemba zikwangwani za masitolo. Masabata atatu apitawa anagwa pamakwerero akulemba chikwangwani cha ometa tsitsi, n'kumenyetsa mutu pasimenti. Anadzuka okha, anamalizanso chilembo chimene chinatsala. Kunyumba anafika akuseka, ati, "Mayi a ana, lero ndauluka, koma kutera ndiye sindinaphunzire."

Kutacha kuseka kunatha. Anasanza kawiri, ankangowodzera, kenako anandiitana dzina la mlongo wawo. Tinathamangira nawo kuchipatala. Atawajambula m'mutu, adokotala anati ubongo watupa chifukwa mpanda wa pakati pa magazi ndi ubongo wayamba kulowetsa madzi. Anagonekedwa masiku asanu ndi anayi. Pano ali bwino, nthabwala zabwerera, ngakhale zija zosaseketsa.

Vuto ndi apongozi anga, amene anabwera kudzatithandiza. Pa zonse zimene adokotala ananena, iwo anangotolapo mawu amodzi: madzi. Jagi anaitsekera m'kabati, kiyi amayenda naye. Mwana wawo amamupatsa theka la kapu m'mawa, theka madzulo. Ndikati ndilankhule amati, "Inu simunamve? Madziwo ndi amene anakwera kumutu!" Dzana ndinawapeza bambowo atawerama pampopi wa kubafa, akumwa ngati mbuzi. Atandiona anangonong'ona, "Usandiulule."

Tinaseka, koma mtima wanga suli m'malo. Nanga apongozi atakhala kuti akunena zoona? Komanso bambowo akuti Lolemba likubwerali akukweranso makwerero. Ndithandizeni.

Mayi T.K.

*

Mayi T.K.,

Kabatiyo itsegulidwe lero lomwe. Apongozi anu amamukonda mwana wawo, koma nkhani ya adokotala anaimva theka.

Mpanda umene munamvawo uli chonchi. Timitsempha ta magazi ta mu ubongo tili ndi makoma olumikizana mothinana kwambiri, ngati msoko wanu umene mwaubwereza kawiri. Mpweya ndi shuga zimene ubongo umafuna zimadutsa, zinthu zambiri za m'magazi zimatsalira kunja. Mutu ukamenyedwa mwamphamvu, msokowo umamasuka, madzi a m'magazi n'kuyamba kuwukhira mu ubongo. Bondo likatupa limapeza kotupira, koma chigaza ndi fupa, sichifutukuka, ndiye ubongo umapanikizika. Kuwukhaku kumachitika pang'onopang'ono, n'chifukwa chake amuna anu anaseka tsiku loyamba n'kudzadwala lachiwiri.

Mukuona tsono kuti chinalakwika ndi msoko, osati kapu ya madzi. Kuwamana madzi sikusoka mpandawo. Kumangowawonjezera mutu, chizungulire ndi kufooka, ndipo munthu wa chizungulire sachedwa kugwanso. Zoona, alipo odwala ena amene adokotala amawachepetsera zakumwa, koma amawauza momveka, mlingo wake n'kuwalembera. Yang'anani pakalata imene amuna anu anatuluka nayo kuchipatala. Ngati mlingowo sunalembedwepo, amwe monga mwa masiku onse. Mowa wokha ndiwo ayambe auiwala.

Ndi apongozi musakokanekokane nokha, simupambana. Pa tsiku lokaonedwanso kuchipatala atengeni, akhale pampando wapatsogolo, funso la madzilo akafunse okha. Akamva kuchokera kwa adokotala adzakhala oyamba kukuphunzitsani inuyo. Pakadali pano apatseni ntchito ina yoyang'anira: nthawi ya mankhwala ndi ya kupuma. Mlonda wakhama chotero ndi wosowa, angofunika kumusinthira chipata.

Za Lolemba ayi. Ubongo umachira mochedwa kuposa pakamwa, ndipo kumenyetsanso mutu usanachire ndi koopsa kwambiri. Makwerero kawasungitseni kwa aneba mpaka adokotala atavomera. Ngati manja akuwayabwa bambowo, alembe zikwangwani zazing'ono atakhala patebulo.

Pomaliza, tcherani maso. Mutu ukamakulirakulira kupweteka, akayambanso kusanza, akamavuta kudzutsa, akamasokoneza mawu, dzanja kapena mwendo ukafooka, kapena akakomoka n'kumaphupha, nyamukani nthawi yomweyo. Adzakuuzani kuti, "Ndili bwinobwino, ndingopuma kaye." Musawamvere. Mutu umene ukunena zimenezowo ndi womwewo wavulala.

Aphungu