Mapazi Anga pa Khonde la aNabanda

Loweruka, Ogasiti 1982. Tsiku lamphepo, la fumbi.

Ine Gelevazio Phiri, mlangizi wamkulu wa zokongoletsa nyumba kuyambira pa Katete mpaka ku Sinda, lero ntchito yanga yaoneka.

Mawa kukubwera asewere, koyamba kuona pakhomo pathu. Akazi anga aNabanda anazira khonde ndi dothi lakuda la kudambo, m'mbali n'kulembamo maluwa ofiira. Anati pasaponde munthu mpaka paume. Koma fodya wanga anali pazenera.

"Wadutsa apa ndani?"

"Mbuzi, mayi."

"Mbuzi yanuyo ili ndi zala zisanu ndi ming'alu kuchidendene?"

Ndinawalangiza kuti tipondeponde khonde lonse, alendo aziti ndi fashoni ya ku Lusaka. Sanaseke. Anandipatsa ndowa, ndinakatapa dothi lina, n'kuzira ndekha chogwada, azimayi opita kuchitsime ataima kuonerera. Ndaphunzira kuti pozira umayambira kukhoma n'kumabwerera chambuyo. Ine ndinayambira kunja. Kaya pauma pofika mawa.

ANabanda ati ndazira bwino kuposa iwo. Apa pokha ndanama. Angoti pomwe ndazirapo tiyalepo mphasa.