Alamu ako agula lona

Wokondedwa mng'ono wanga Lorraine,

Kuno ku Dauphin tilipo, kungoti chisanu chayamba kuluma. Kaya iwe ndi ana?

Ukudziwa kuti alamu ako, a Orest, sanalolepo kuphimba kalavani yathu yogonamo paulendo ija. Amati ukaiphimba chinyezi chimatsalira mkati, denga n'kuola. Chipale chofewa chikaunjikana padengapo amakwera okha kukachikokolola, ine ndikukalipa pansi.

Lachiwiri tinali kuchipatala kukamva zimene madokotala awapeza nazo. Pobwerera anaima pasitolo n'kugula lona. Dzulo anandiphunzitsa kumanga zingwe zake, mobwerezabwereza mpaka ndinanyong'onyeka.

"Nanga chinyezi chija?" ndinawafunsa.

"Bola chinyezi, Darlene. Iwe makwerero umawaopa."

Makwererowo apatsa aneba.

Unati udzabwera kukayamba kufunda. Usadikire, bwera pa Khirisimasi.

Ndine mkulu wako,
Darlene