Udzu wa m'chitsime cha bambo

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Tsiku lowawa, dzuwa ngati moto.

Chitsime chimene malemu bambo anakumba mumchenga wa mtsinje wa Mwanza chauma, ndipo wachipha ndine. Sabata yatha ndinachotsa udzu umene iwo anayala m'mbali mwake, poti unkanunkha. Dothi losalala ngati ufa lalowa n'kutseka timipata tonse todzera madzi. Ndakumba mpaka m'manja matuza okhaokha, koma pansi pangonyowa chabe.

Amayi anasuzumiramo nati, "Mwanawe, udzu uja ndiwo unkasefa matope. Kusukulu sanakuuze?"

Bola akanandikalipira. Anangotola chikho chawo n'kubwerera.

Mawa mkazi wanga, ndi pakati pake paja, akatunga kutali kudambo. Ine wodziwa kulemba, ndikanangowafunsa amayi...