Kodi ku Congo Amalima Fodya?

Wokondedwa Gomezgani,

Kuno ku Kaomba tonse tili bwino, kupatula mano anga awiri amene apita pa penshoni.

Tandiuze, mwana wanga msilikali, kodi ku Congo komwe anakutumizaniko amalima fodya? Amayanika m'chigafa ngati ife? Inetu ndimati msilikali azilondera kwawo. Kuno njovu zatidyera chimanga, a khansala angobwera kudzajambulitsa basi, iwe mfuti uli nayo kwa eni!

Amayi ako aletsa wailesi m'nyumba, akuti imanama. Ndiye ndimakamvera kuchigafa mobisa. Dzulo inanena za asilikali athu ena kumeneko, koma mayina sinatchule.

Usavutike kulemba zambiri. Ungoyankha za fodyazo, koma ulembe ndi dzanja lako.

Ndine bambo wako,
Mphepo