Njinga ya Amayi Yachokera kwa Inu

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Nanga alamu ndi ana? Kuno tilipo, kupatula miyendo ya amayi imene ikukanabe chiwagwireni sitiroko ija. Pakamwa pokha mpamene sipanafe, akulongolola ngati kale.

Ntchito yanga kwa abwana, eni mabasi aja, mukuidziwa. Lachisanu lililonse amatseka chitseko cha ofesi, amavula nsapato, ine n'kumawawerengera makalata a anthu opempha thandizo, poti maso awo anachita ng'ala. Kalata ikawakhudza amagogoda tebulo kawiri n'kuti, "Ameneyo ngwathu." Basi, munthu wathandizidwa. Lamulo lawo ndi limodzi: wolandira asadziwe kumene zachokera.

Achimwene, ndakulakwirani. Munandiletsa kupemphetsa, munati amayi ali ndi mwana wamwamuna. Koma chikuchotsereni ntchito mwangoti zii, foni osayankha, ine msana watha ndi kubereka amayi popita kubafa. Ndinalemba kalata yangayanga yopempha njinga ya olumala, osasaina, n'kuilowetsa pakati pa zinzake.

Ndinaiwerenga bwinobwino, mawu osanjenjemera. Nditamaliza, abwana anafunsa kuti ili ndi masamba angati. Ndinati awiri. Iwo anati zaka zonsezi ndimaphunthwa pa zolemba za anthu, koma lero ndathamanga ngati basi yopanda mabuleki, ndipo sanamve pepala likutembenuzidwa. Ndinali nditailoweza pamtima, chitsiru ine. Manyazi anandigwira mpaka ndinalira.

Sanandikalipire. Anangodandaula kuti amathandiza anthu oti sanakumanepo nawo, pamene wowapangira tiyi akuvutika iwo osadziwa. Kenako anagogoda tebulo kawiri.

Njinga inafika Lolemba. Dalaivala anaitsitsa n'kumapita osanena kanthu, potsata lamulo lija. Amayi anaisisita matayala, n'kuyamba kuuza aneba kuti ankadziwa ndithu kuti mwana wawo sangawataye, kukhala chete konseku ankawakonzera zimenezi. Masiku ano amaswera pakhonde, aliyense wodutsa kumuimitsa kuti aone njinga yochokera kwa inu. Ndinafuna kuwauza zoona, koma ndinangowasiya akusangalala.

Nditawafotokozera abwana anaseka mpaka kutsokomola. Anati mphatso yawo sinapezepo mwini wabwino chotere, ndisayerekeze kuwasokoneza amayi.

Ndiye ndikukupemphani, achimwene. Sindikufuna kanthu m'thumba mwanu. Za ntchito yanu amayi sindinawauze, ndipo sindiwauza. Mungoimba Lamlungu lino. Foni amaisunga pamiyendo tsiku lonse, ndipo ikangolira amayamba kutchula dzina lanu asanayankhe. Akamakuthokozani musakane, ndagwira mwendo wanu. Mungofunsa kuti ikuyenda bwanji, zotsalazo alankhula okha.

Mulungu akutsegulireni khomo la ntchito ina. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo anawo muwauze kuti agogo awo tsopano akuyenda pa matayala.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi