Diso Lofiira m'Botolo Nambala 7

Lolemba, 11 Marichi

Tizilombo tanga taswa! M'botolo 7 mokha, ena sikisi aja ndi madzi amatope basi. Dothi lomwe munali mazira ake ndinalikumba chaka chatha pa chithaphwi chouma cha ku Area 23. Lero pamenepo pali nyumba ya munthu, simenti mpaka pakhonde. Lomwe ndinanyika dzulo linali lomaliza. Tikafa timeneti, digiri yanga yafera m'botolo la mayonezi.

Ndi tiana ta kachilombo ka m'madzi, msuweni wake wa nkhanu. Kalikonse kali ndi diso limodzi lofiira pakati pa mutu, ndi tinyanga taubweya tomvera madzi akagwedezeka. Tiana ta abale ake a kunyanja yamchere natonso timayamba ndi diso lomweli, ndiye umboni woti kholo lawo linali limodzi. Ine ndikungofuna kutijambula ndi pensulo tsiku lomwe maso ena awiri adzatuluke m'mbali mwa mutu. Pofika Loweruka atuluka.

Lachiwiri, 12 Marichi

Amake Chisankho, akazi a alandilodi, andipeza ndikuunika botolo ndi tochi ya foni, tizilombo tonse tikuthamangira kowala. Ndawaonetsa pa maikulosikopu. Chisankho naye, kamtsikana kawo ka zaka zisanu, anakwera pa chigubu n'kusuzumira. "Anti Tiwale, kakundiyang'ana!" Tinaseka mpaka misozi.

Lachitatu, 13 Marichi

Kuonetsa anthu zinthu, ine ndidzasiya liti?

Chisankho wadzuka maso ali psuu, zikope zitamatana ndi manthongo. Ndi matenda a maso ofiira omwe awanda mu Chinsapo muno, ngakhale wailesi ikulengeza. Koma ayi. A Leston, bambo ake, anasiya geti lomwe amawotcherera n'kudzaima pakhomo panga, magalasi akuda ali pachipumi.

"Mwana wanga mwamuonetsa chiyani dzulo?"

Ndinayamba kufotokoza. Ndinafika pa mawu oti "chipatala" basi, mbama phaa! Khutu likulirabe mpaka pano. Nanenso pakamwa pangapa sindipagwira, ndinawauza kuti mutu wawo anauwotcherera limodzi ndi mageti awowo. Anandikankha, ndinagwera pa mbaula. Ndakwiya, ndipo ndikuchita mantha.

Lachinayi, 14 Marichi

Ana anayi mu laini yathu, onse maso ofiira. Pa kiyosiki yamadzi amayi anasuntha zidebe nditafika. Wina kumbuyo kwanga: "Ndi ameneyu, amasunga maso a ana m'mabotolo." Masana mwala pawindo, galasi mbwee pa mabuku. Wachiwiri unandipeza paphewa.

Kuthawa ndingathawe, ku Kawale kwa achemwali. Koma mu minibasi, ndi maenje a msewu uja, tizilomboti tingakhutchumuke n'kufa tisanafike pa depoti. Masiku awiri okha. Botolo 7 ndalibisa pansi pa bedi.

Lachisanu, 15 Marichi

Timadontho tiwiri takuda tayamba kuoneka m'mbali mwa mutu. Mawa, Ambuye, mawa lokha.

Lamulungu, 17 Marichi

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, pa bedi lachipatala.

Anthu anabwera dzulo cha m'ma teni m'mawa, ndikusongola pensulo. Chitseko anachithyola ndi chitsulo. Anandikokera panja atagwira tsitsi, mawondo akukhula pansi. Anthu ake ndi omwewa timapatsana nawo moni, mayi wogulitsa tomato, mkulu wa kwaya. A Leston anaika maikulosikopu pamwala n'kuimenya ndi hamala katatu. Mabotolo sikisi aja phwaa! phwaa! pakhoma. Thabwa linanditera padzanja, ndinamva fupa likuthyoka. Nsapato kukamwa. Dzino ndinalilavula ndikuliona.

Kenako ndinaona munthu akugubuduza tayala. Wina akukuwa, "Petulo! Bweretsani petulo!"

Amake Chisankho anatuluka m'nyumba mwanga atanyamula botolo 7. Ankadziwa pomwe ndinabisa. Mumtima ndinati mfiti ndi inuyo mayi, mwandipereka. Anadutsa pakati pa anthu n'kudzaima mondidangalira, ine ndili gone pansi.

"Tamverani!" anakuwa. "Ngati muno muli maso a ana athu, munthu sangamwe. Amwe tione!"

Anawerama ngati akundikalipira, koma mawu ali pansipansi: "Asisi, imwani. Akuwotchani awa."

Ndinalandira botololo. Dzuwa linali kumbuyo kwake, ndipo ndinationa bwinobwino popanda makina, tikusambira chagada, kalikonse ndi maso ake awiri atsopano. Atuluka. Tsiku lake lenileni, ine dzanja lothyoka, pensulo kaya ili kuti.

"Akuzengereza! Mwaona?" a Leston amenewo.

Ndinamwa. Kumeza kanayi, fungo la matope ndi magazi anga. Pakhosi sindinamve kanthu kakuyenda. Ndinatembenuza botolo kuti aone kuti mulibe dontho.

Anthu anadikira kuti ndigwe kapena ndisanduke kanthu kena. Wa tayala uja anayamba kuligubuduza kubwerera nalo, ngati anangodutsa. Ena n'kumati, "Komabe amayenera kunena." Kunena chiyani, agalu inu?

M'mawa uno amake Chisankho abwera kudzandiona. Akuti mwana maso ayera, anamudonthezera mankhwala a kuchipatala. Sanathe kundiyang'ana kumaso. Andisiyira phala pakabati, m'botolo lomwe lija, atalitsuka ndi sopo. Nambala ikadali pa chivindikiro.

Sindinalitsegule.