Chitseko cha galimoto ya bambo chatsekeka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, kungoti amayi bondo likuwavutabe.

Galimoto ya malemu bambo ija, imene munkati tigulitse kwa ogula zitsulo, ndamaliza kuikonza! Chitseko chakumanzere ndicho chinandisautsa milungu itatu. Ndikachilinganiza lero, mawa mpata wakula pamwamba, pansi chikukhula. A Mphande, amakanika a ku Kande aja, atabwera anandiseka. "Iwe, ungalinganize bwanji chitseko galimoto itaima pamchenga? Matayala akutitimira!"

Tinaikankhira pasimenti, pakhonde la sitolo yakale ija. Ndinamasula mahinjesi, n'kumayesa mpata ndi singano ya bambo yosokera ukonde, mpaka inalowa mofanana kuzungulira chitseko chonse.

Lamulungu tinapita kutchalitchi ku Bandawe. Amayi atakwera anayamba kufunafuna chingwe chomangira chitseko, monga ankachitira zaka zonse zija. Ine ndinangochikankha ndi chala chimodzi, n'kutsekeka. Amayi anati, "Akanakhalapo bambo ako."

Munditumizireko labala wa galasi lakutsogolo, ndipo zogulitsa zija muiwale. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yotamu